Malonda, katundu, chuma kapena zogulitsa: liwu loyenera zinthu za pamsika ndi liti?

Munthu amene akulemba chikwangwani cha sitolo, mtolankhani amene akukonza nkhani ya mitengo ya mbewu, mphunzitsi wa phunziro la zamalonda ndiponso womasulira malamulo a boma, onsewa amakumana ndi funso limodzi, loti zinthu zimene zimagulidwa ndi kugulitsidwa azitchule ndi liwu liti. Chichewa chili ndi mawu angapo amene amalimbirana malo amenewa. Pali malonda, pali katundu, pali chuma, ndipo palinso mawu opepukirapo monga zogulitsa ndi geni. Pakamwa mawuwa amasinthanasinthana popanda chovuta, chifukwa wolankhula ndi womvera amakhala ataima pambali pa chinthu chimene akukambacho. Polemba zinthu zimasintha, pakuti wowerenga alibe thumba la nyemba loti aliyang'ane, ndipo liwu likasankhidwa molakwika tanthauzo limapita kwina. Kwa ine, malonda ndiye mwini wake wa tanthauzoli, katundu adabwera pambuyo kudzera mwa amtengatenga ndi masitolo, ndipo wolemba wosamala ayenera kudziwa pamene liwu lililonse limathera mphamvu.

Malonda

Liwu loti malonda limanyamula zinthu zinayi. Limatanthauza ntchito yogula ndi kugulitsa, monga tikamati munthu akuchita malonda. Limatanthauza mgwirizano wa wogula ndi wogulitsa, monga tikamati malonda atheka kapena malonda avuta. Masiku ano limatanthauzanso uthenga woitanira ogula umene umaulutsidwa pawailesi pakati pa mapologalamu. Koma tanthauzo limene likutikhudza pano ndi lachinayi, la zinthu zenizenizo zimene zayalidwa pansi kapena pa benchi kuti anthu agule. Mayi akauza mwana kuti alondere malonda iye akupita kukatunga madzi, akunena tomato ndi anyezi amene ali pa chiguduli, ndipo akamadandaula kuti mvula yanyowetsa malonda, palibe amene angaganize kuti yanyowetsa mgwirizano. Mwambi woti malonda ndi m'maso umaimanso pa tanthauzo lomweli, chifukwa chimene wogula ayenera kuona asanatulutse ndalama ndi chinthucho.

Amene adamasulira Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa mu 1922 litamasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, adaligwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri. Pa Yohane 2:16, pamene Yesu akutulutsa ogulitsa nkhunda m'Kachisi, pali mawu oti nyumba ya malonda, ndipo pa Chivumbulutso 18, pamene amalonda akulira chifukwa palibenso wowagula golide, siliva, nsalu ndi zonunkhira, zinthu zonsezo zikutchedwa malonda. Izi zikusonyeza kuti zaka zoposa zana zapitazo, pamene omasulira ndi anzawo achikuda ankafunafuna liwu la zinthu zoyenda pamsika, malonda ndilo liwu limene lidali pafupi. Liwu lomweli limamvekanso mu Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena, zilankhulo za anthu amene akhala akugulitsana zinthu kudutsa nyanja ndi mitsinje ya dera lino kwa zaka mazana ambiri.

Zimene makolo ankagulitsa zimadziwika ndithu. Apwitikizi, amene adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, adalemba zambiri za anthu a ku Maravi. Gaspar Bocarro adadutsa m'dziko lawo mu 1616 paulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, doko la ku nyanja ya mchere m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo wansembe Manuel Barreto, polemba mu 1667, adatchula minyanga ya njovu, chitsulo, akapolo ndi nsalu za thonje zolukidwa pamanja, zotchedwa machila, ngati zinthu zimene Amaravi ankagulitsa. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapezako mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndiponso zotsalira za minyanga yosemedwa. Kuchigwa cha Shire Amang'anja ankasula makasu, kuluka machila ndi kutcheza mchere, ndipo David Livingstone atafika kumeneko mu 1859 adapeza thonje likulimidwa m'midzi yambiri.

Mndandanda umenewu ukutiphunzitsa khalidwe lalikulu la liwuli. Khasu limene mlimi akulimira si malonda, koma khasu lomwelo lili m'manja mwa wosula amene akulipititsa kukasinthanitsa ndi mbuzi ndi malonda. Chimanga cha m'nkhokwe ndi chakudya, koma chikathiridwa m'thumba n'kukwezedwa pa njinga kupita ku msika chimasanduka malonda, ndipo chikabwerako osagulidwa n'kukapita ku chigayo chimabwerera kukhala chakudya. Motero liwuli limanena za mmene chinthu chilili pa nthawiyo, kuti mwini wake wachitulutsa kuti chigulidwe ndipo pali chiyembekezo cha wogula. Mtundu wa chinthucho, kulemera kwake ngakhale kukongola kwake sizilowapo.

Chitsanzo cha posachedwa ndi nandolo. Alimi a ku Mulanje, Chiradzulu, Zomba, Balaka ndi maboma ena a kummwera adalima nandolo wambiri pamene mitengo idali yabwino chifukwa cha msika wa ku India. Mu 2017 dziko la India lidaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mitengo kuno idagwa koopsa. Matumba adali odzaza m'nyumba za alimi ndi m'nyumba zosungiramo za amalonda, kulemera kwake kudali komweko, koma anthu ankati nandolo alibe malonda. Adali akadali katundu, pakuti ankafunabe malo, mankhwala oteteza anankafumbwe ndi munthu womunyamula. Palibe liwu lina la Chichewa limene likadafotokoza bwino vuto limenelo, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene wolemba nkhani za msika sayenera kulitaya liwu loti malonda.

Khalidwe lomweli lili ndi mbali yake yowawa. Popeza chilichonse chikhoza kutchedwa malonda chikapezeka ndi wogulitsa ndi wogula, nthawi ina anthu adali malonda. Kuyambira cha m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah ndi amene adalowa m'malo mwake ku Nkhotakota ankawolotsa minyanga ndi akapolo pa nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Kummwera kwa nyanja mafumu monga Mponda ndi Makanjira adalemera ndi ntchito yomweyo, ndipo ku Karonga kudali Mlozi, amene adaphedwa ndi asilikali a Harry Johnston mu 1895. Akapolo 84 amene Livingstone ndi anthu a Bishopu Mackenzie adawamasula pamudzi wa Mbame mu 1861 adali pa ulendo wokagulitsidwa. Munthu wogwidwayo ankasenzetsedwanso mnyanga, kotero kuti malonda ena ankanyamula malonda anzake. Wolemba mbiri akati anthu adasandutsidwa malonda, liwu loti adasandutsidwa ndi lofunika kwambiri, chifukwa limasonyeza kuti pali amene adachita zimenezo. Kulemba kuti akapolo adali katundu wa Jumbe kumamveka ngati kuvomereza kuti adalidi ake.

Kufooka kwa malonda kuli m'kukula kwake komweko. M'zaka za posachedwa tanthauzo la ntchito yogula ndi kugulitsa lakula kuposa enawo, makamaka chifukwa cha mayina a boma ndi a mabungwe. Tili ndi Unduna wa Zamalonda, tili ndi chionetsero cha zamalonda ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo pawailesi timamva za malonda a pakati pa Malawi ndi maiko ena. Munthu akawerenga kuti malonda akwera, sangadziwe ngati mitengo yakwera, ngati anthu akugula kwambiri, kapena ngati zinthu zachuluka pamsika. Vuto lina ndi lakuti liwuli siliwerengeka. Lilibe mnzake wonena chinthu chimodzi amene anthu amamugwiritsa ntchito, ndipo palibe amene amati malonda asanu potanthauza matumba asanu. Pa lisiti, m'buku la sitolo ndi pa fomu ya pachipata, pamene chofunika ndi kuchuluka, malonda amakanika.

Katundu

Katundu poyamba ndi mtolo, chinthu chosenza. Tanthauzo limeneli likadalipo, ndipo ndilo limene lili pa Mateyu 11:30, pa goli lofewa ndi katundu wopepuka, komanso pa Agalatiya 6:5, pamene aliyense akuuzidwa kuti adzasenza katundu wake. M'malo awiriwa mulibe za kugula ngakhale pang'ono. Funso loyenera kufunsa ndi loti liwu la mtolo lidafika bwanji pokhala dzina la zinthu za m'sitolo, ndipo yankho lake likuoneka m'mene zinthuzo zinkafikira kuno.

Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pakati pa Chikwawa ndi Matope, ndipo sitima sizingadutse pamenepo. Mu 1875, a mishoni ya Livingstonia adamasula sitima yawo ya Ilala m'zidutswa, anthu mazanamazana adazisenza kudutsa mathithiwo, ndipo idalumikizidwanso kumtunda isanalowe m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkatsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, idayendetsa ntchito yake yonse m'njira yomweyo. Nsalu, mikanda, waya wa mkuwa, sopo ndi mchere zinkatsitsidwa pa doko la Katunga, n'kusenzedwa kukwera mapiri kufika ku Mandala mu Blantyre, kenako kutsikira ku Matope. Minyanga, ndipo pambuyo pake khofi ndi fodya, zinkatsika njira yomweyo. Zonsezi zinkamangidwa m'mitolo yolemera pafupifupi makilogalamu 25, muyeso wa munthu mmodzi, ndipo kalaliki ankawerenga akatundu, wina ndi wina, kuti adziwe amtengatenga ofunika ndi malipiro awo. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, koma kutali ndi njanji mutu wa munthu udakhalabe galimoto kwa zaka zambiri, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ochuluka zedi adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali.

Kwa munthu wa nthawi imeneyo, chinthu cha m'sitolo ya Mandala kapena ya mmwenye chidali chinthu chimene chidabwera chosenzedwa, chomangidwa ndi chowerengedwa. Sizodabwitsa kuti dzina la mtolo lidatsatira zam'kati mwake mpaka pa shelefu. Chizindikiro cha kusinthaku chikuoneka m'galamala. Kale akatundu ankamveka kawirikawiri chifukwa mtolo uliwonse udali katundu payekha, pamene lero timangoti katundu wambiri, katundu wafika, katundu watha, ngati mmene timanenera madzi kapena ufa.

Mphamvu ya katundu ndi yakuti amagwirika. Amayezedwa pa sikelo, amapakiridwa m'lole, amasungidwa, amabedwa, amalandidwa ndi apolisi, ndipo amalipiridwa msonkho. Pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, a bungwe lotolera misonkho la MRA amafunsa za katundu, ndipo amachita bwino kutero, chifukwa pa nthawi imeneyo sakudziwa ngati zimene zili m'chikwama ndi zokagulitsa kapena ndi mphatso za ana. Lamulo limene limapatsa nduna mphamvu yoletsa chimanga kutuluka m'dziko, limene lidakonzedwanso mu 2018, limakhudza katundu m'lingaliro lomweli, ndipo ndi mmenenso zilili ndi miyezo ya bungwe la Malawi Bureau of Standards. Wamalonda naye akamalankhula ndi mnzake za ntchito yawo amati wapita kukaoda katundu ku Limbe, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, amati katundu wachedwa pa bodala, amati mpamba wake wonse uli m'katundu. Apa katundu wapambana ndipo palibe chifukwa chomukanira.

Komabe katundu sanena kanthu za kugulitsa. Mipando ndi mapoto a m'nyumba ndi katundu, sutikesi ya wapaulendo ndi katundu, ndipo zimene achibale amalanda mkazi wamasiye, mchitidwe umene lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaletsa, ndi katundunso. Ilala ija idali katundu pamitu ya anthu, koma sidali yogulitsa. Mtolankhani akalemba kuti moto wawononga katundu pa msika, wowerenga amadziwa yekha kuti ndi wogulitsa chifukwa cha liwu loti msika, koma akalemba kuti akuba aba katundu wa mayi wina ku Ndirande, sizidziwika ngati mayiyo wataya ziwiya kapena wataya mpamba, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu pa moyo wake. Pamenepa pamafunika kuonjezera liwu, kuti katundu wa malonda kapena katundu wogulitsa. Pali chenjezo linanso laling'ono. M'chilankhulo cha achinyamata ndi cha m'misewu, katundu amatchulidwa pobisa zinthu zosaloledwa, komanso ponena za thupi la munthu m'njira yosalemekeza, choncho wolemba mutu wa nkhani aonetsetse kuti sakuseketsa anthu pamene sadafune.

Chuma, zogulitsa ndi geni

Chuma chili ndi mbiri yosangalatsa ngakhale kuti lero chatalikirana ndi msika. Mu Chishona liwu loti chuma limatanthauza mikanda, pamene mu Chiswahili limatanthauza chitsulo, ndipo zinthu ziwiri zonsezi zidali pakati pa malonda akale a dera lino. Ndalama zachitsulo zisanafale, mikanda ndi nsalu zinkagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, yokhala chinthu chogulidwa ndi yokhala chogulira. Nsalu inkayezedwa ndi mkono ndi mkwamba, ndipo amishoni ndi azungu a minda ankalipira antchito awo ndi mikwamba ya nsalu. Pa nthawi imeneyo chuma ndi malonda zidali pafupi kwambiri. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 ndiwo udathandiza kulekanitsa ziwirizi, chifukwa udakakamiza anthu kufuna ndalama, ndipo pang'onopang'ono nsalu idatsala yongovala.

Lero chuma ndi chimene munthu amasunga, pamene malonda ndi chimene amafuna kuti chichoke. Ng'ombe za m'khola ndi chuma cha banja, ndipo zimakhala malonda tsiku lokhalo limene zikupita ku msika wa ng'ombe. Mawu otchuka a nthawi ya Kamuzu Banda oti chuma chili m'nthaka ankanena za kulemera kochokera ku ulimi, ndipo boma mpaka lero lili ndi Unduna wa Zachuma wosiyana ndi wa Zamalonda. Amene angalembe kuti sitolo yadzaza ndi chuma wanena zoona mwa njira ina, koma owerenga adzamva ngati nthano ya mfumu. Pa ntchito yotchula zinthu za pamsika, chuma sichiyeneranso kupikisana nawo.

Zogulitsa ndi liwu losavala kanthu. Limachokera ku mneni woti kugulitsa, limamveka kwa mwana wa sitandade 2 ngakhale kwa munthu amene akungophunzira Chichewa, ndipo silingasokonezedwe ndi china chilichonse. Chifukwa cha ichi ndi loyenera pa chikwangwani, pa chidziwitso chachifupi ndi pofotokozera mawu ena ovuta. Limagwiranso bwino ntchito ngati mfotokozi, monga mbewu zogulitsa posiyanitsa fodya, thonje, soya ndi tiyi ku mbewu zakudya, ngakhale kuti kusiyanitsa kumeneku kumavuta pa mtedza ndi chimanga, zimene banja limadya ndi kugulitsa lomwe. Chovuta chake ndi chakuti limayang'ana mbali ya wogulitsa yekha. Chinthu chikhoza kukhala chogulitsa chaka chonse popanda wochifunsa mtengo, ndipo nandolo wa 2017 uja adali wogulitsa ndithu. M'nkhani yaitali liwuli likabwerezedwa kangapo limatopetsa khutu.

Geni ndi liwu lobwereka limene lidakhazikika pa malonda aang'ono, a mandasi, zitumbuwa, makala, masamba ndi nsomba zouma, makamaka a amayi. Limanena ntchitoyo kuposa zinthuzo, ngakhale kuti munthu akhoza kunena kuti geni yake yagwera m'matope. M'nkhani yolembedwa mwaulemu limaloledwa pamene tikunena za anthu amene amadzitchula okha kuti ndi a geni. Kulikokera pa fodya wa ku okushoni kapena pa shuga wa ku Nchalo ndi kulakwitsa muyeso. Pambali pa mawuwa pali mayina a magulu a zinthu amene nthawi zambiri amaposa liwu lililonse lalikulu, monga kaunjika wa zovala zakale zobwera m'mabelo, amene ku Zambia amatchedwa salaula, komanso zakudimba ndi zokolola. Pamene dzina lotere lilipo, ndi bwino kulitchula m'malo mozungulira.

Poyesa mawuwa pa ntchito yeniyeni

Tiyeni titenge fodya, amene wakhala akugulitsidwa pa okushoni ku Limbe kuyambira 1938 ndipo lero amagulitsidwanso ku Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Ali m'chigafa ndi zokolola. Akadindidwa m'mabelo n'kukwezedwa pa lole ndi katundu, ndipo mlimi amalipira mtengo wonyamulira katunduyo. Belo likayalidwa pamzere ogula n'kumadutsa ndi malonda, ndipo likakanidwa limabwerera kukhala katundu wofuna malo ndi ndalama zina. Ndalama zikalowa ku banki mlimi n'kugula malata ndi ng'ombe, chimenecho ndi chuma. Mtolankhani amene angatchule zonsezi ndi liwu limodzi wabisa mfundo yaikulu ya nkhani yake, yoti mlimi amalipira pa katundu koma amapindula pa malonda pokha. Ndi mmenenso zilili ndi chimanga chopita ku misika ya ADMARC, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1971. Mlimi akagona pa depoti masiku angapo kudikira kuti sikelo itsegulidwe, amene akulondera ndi katundu, ndipo chimene akudikira ndi malonda.

Pa mgwirizano wolembedwa, pa lisiti ndi pa nkhani za kukhoti, katundu ndiye woyenera, ndipo ayenera kutsatiridwa ndi dzina la chinthu, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Womasulira lamulo la kagulitsidwe ka katundu kapena lamulo loteteza ogula la 2003 angachite bwino kusunga katundu pa zinthu zogwirika ndi kusunga malonda pa mgwirizano, kuti chiganizo chonga chakuti malonda atheka koma katundu sadaperekedwe chimveke mbali zonse ziwiri. Atagwiritsa ntchito malonda pa zonse ziwiri, chiganizo chimenechi chikhoza kudzitsutsa chokha. M'buku la sukulu lofotokoza chiphunzitso cha zachuma, pamene pakufunika dzina la chinthu chilichonse chopangidwa kapena cholimidwa ndi cholinga choti chigulitsidwe, ine ndingasankhe katundu wa malonda, chifukwa mawu awiriwa pamodzi amanena kuti chinthucho n'chogwirika ndiponso kuti chili pa ulendo wa ku msika. Katundu wogulitsa ndi wofanana naye, koma amayenera chinthu chimene chili kale pa shelefu kuposa thonje limene likadali m'munda.

Malo ndi nkhani yovutirapo. Palibe amene amasenza munda, choncho kuutchula katundu kumamveka kwachilendo, ndipo lamulo la kagulitsidwe ka katundu nalo silikhudza malo, ngakhale kuti limakhudza mbewu zimene zagulitsidwa zikadali m'munda. Mwa mwambo, malo a makolo adali chuma cha mbumba choyang'aniridwa ndi mfumu ndi eni mbumba, ndipo sankatchedwa malonda. Lero m'mphepete mwa mizinda ndi m'mbali mwa nyanja muli zikwangwani za malo ogulitsa, ndipo malamulo a malo a 2016 adadzutsa mtsutso waukulu pa za umwini wa malo a makolo. Munthu wachikulire akamadandaula kuti malo asanduka malonda, akugwiritsa ntchito liwuli molondola kwambiri, pakuti akunena kuti chinthu chimene chidali chosunga chatulutsidwa kuti chigulidwe.

Gulu lomaliza ndi la zinthu zimene zimagulidwa tsiku ndi tsiku koma sizigwirika. Mayunitsi a foni, magetsi olipiriratu a ESCOM, ulendo wa pa kabaza, kumeta tsitsi ndi kutchaja batire zonse zili ndi mtengo ndi ogula. Omasulira ambiri amalemba katundu ndi ntchito pofuna kuphatikiza zogwirika ndi zosagwirika, ndipo mawuwa akuzolowereka, ngakhale kuti ntchito imakumbutsa wowerenga za kulembedwa ntchito kuposa za kugula thandizo. Pamenepa malonda amabwereranso patsogolo popanda womukankha. Mnyamata wokhala pansi pa ambulera akugulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama pa foni alibe katundu woti apakire madzulo kupatula tebulo ndi mpando, koma akafunsidwa mmene tsiku layendera amayankha za malonda. Ndalama zakunja nazo, zimene m'zaka zapitazi zakhala zikusowa m'mabanki n'kumapezeka pa msika wosavomerezeka pa mtengo wokwera, palibe amene amazitcha katundu polemba, chifukwa lamulo limasiyanitsa ndalama ndi katundu. Nyuzipepala ikafuna kunena za anthu ogulitsa madola m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre imalemba za malonda a ndalama zakunja, ndipo wowerenga aliyense amamva kuti dola pamenepo yaleka kukhala chogulira ndipo yakhala chogulidwa.